Wozira Chipinda cha Lufina

Lolemba, 13 Juni 1994

Chisanu. Madzi a m'ndowa olasa m'mano. Nsapato ya kumanzere yayasamulanso.

Munthu waphedwa kumudzi wina wa kumalire. Mzimayi, dzina Lufina, ana awiri. Amupeza m'mawa m'dimba lake la mbatatesi, mutu wophwanyika kunkhongo. Pambali pake khasu la waganyu wake, Zuze, mmodzi wa othawa nkhondo. Iye yemweyo ndiye anathamangira kumudzi kukanena. Richard, mnzanga wa mu ofesi yofufuza milandu, akuti ndi mmene amachitira akafuna kuoneka oyera. Ndavomereza. Ndavomereza ndi mtima wonse.

Anthu a tsidya awa ndatopa nawo. Nkhondo yawo akuti inatha, koma mfuti zawo sizinamve. Sabata yatha zinalira pagolosale ina, dzana kuchigayo. Zaka zisanu tsopano chiphedwere achimwene anga a Fanizo pakhomo pa khola, akuba n'kuolotsa ng'ombe msewu wa m'malire. Palibe anamangidwa. Jekete lawo mayi akulisungabe pamsomali.

Kudimbako ine ndi Sibongile sitinapite. Galimoto yatisiya tikuona. A Bwana akuti, "Azimayi tsalani, kumeneko kuli magazi." Magazi! Sajeni wathunthu, zaka khumi ndi chimodzi pantchito, ana atatu obereka ndekha, lero ndiope magazi? Sibongile, mtsikana yemwe anaposa amuna onse a m'kalasi mwake kusukulu ya polisi, watha tsiku akutsuka makapu. Akuti tavota, zinthu zasintha. Muno chasintha ndi chithunzi cha pakhoma chokha.

Lachiwiri, 14 Juni

Kumufunsa Zuze. Andiitana chifukwa ndimalemba bwino. Ntchito yanga imeneyo: mpando wa pakona, pepala, cholembera.

Munthu wochepa thupi, mapazi ong'aluka. Chichewa chake chathu chomwechi, mfunda wake Maseko ngati wa mayi anga. Zimenezo zandinyansa kuposa zonse. Ola lathunthu mawu amodzimodzi: anapita kukathirira, anawapeza abwana ake ali chigonere, khasu amalisiya m'dimba tsiku lililonse. Kenako Richard anatenga payipi. Kenako chitseko ndi zala.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atavomera. Richard amanena, iye amati eya, ine ndimalemba. Masamba awiri, opanda pofufuta ngakhale pamodzi. Chala chachikulu cha kumanja sichinatheke kudinda, tadinditsa cha kumanzere.

Nthawi yonseyo ndimaganiza za a Fanizo. Sindinadzutse mutu.

Madzulo uthenga: anthu a m'mudzimo atentha misasa isanu ndi umodzi ya othawa nkhondo. Wofunsidwa palibe.

Chakudya chandikana.

Lachitatu, 15 Juni

Kumaliro. Atituma ife awiri poti amuna akuopa miyala, mudzi udakali wolusa. Akuti azimayi mumadziwa kuimba. Matola mpaka pamphambano, kenako wapansi. Zitenje pamwamba pa masiketi a boma.

Amuna panja pamipando, mwamuna wa malemu pakati pawo. A Cyprian. Zaka khumi ndi ziwiri kumigodi ya ku Joni, chipewa cha nthenga, wailesi yaikulu, nyumba ya malata koma pansi pa dothi, simenti inathera kubotolo. Kulira kwawo kokweza. Akalira pang'ono n'kusuzumira ngati anthu akuona.

Ife m'nyumba, pansi, monga mwa nthawi zonse. Pabalaza podzaza. Atikankhira kuchipinda komwe anagoneka mayi ake a malemu, ochokera ku Champiti. Akuti a Cyprian anali atakhoma chipindacho, koma azimayi anaumirira, munthu wamkulu sangagone pamphepo mwezi uno.

Titakhala pang'ono Sibongile wanditsina. Chitenje chake chanyowa pokhalira. Changanso. Ndasuntha mphasa ndi phazi. Pansi pozira kumene.

Koma kuzira kwake! Mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri angakwapulidwe nako. Mtsiro wochindikala ngati akumata nkhokwe, n'chifukwa chake sukuuma. Malo amodzi okha, pakati pa bedi ndi khoma. Mkazi aliyense amayambira kukhoma la mkati n'kumabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo, kuti asaponde pomwe wazira. Uyu anayambira cha kukhomo kulowa mkati, n'kudzitsekera yekha pakona. Potuluka anaponda. Chidendene chake chilipo, chachikulu ngati chipande.

Ndatuluka ngati ndikupita kuseri, ndakayang'ana khonde. Kuzira kwa Lufina: kopyapyala, kosalala, dzanja laling'ono loyenda mofanana, m'mphepete mzere wakuda. Mkazi ameneyu sakanazira chipinda chake chonchija ngakhale malungo atamugwira.

Ndiye mayi akewo polira: "Mikanda ya mwana wanga ili kuti? Osambitsa sanandipatse." Mkazi akamwalira, osambitsa amamasula mikanda ya m'chiuno n'kuipereka kwa mayi ake, nkhani yodziwika. Edna, mlongo wa a Cyprian, wayankha kuti anaba ndi wothawa nkhondo uja. Wayankha msanga kwambiri, maso ali kuchitseko.

Zuze tinamusecha Lolemba atangofika naye. M'thumba munali fodya wopota ndi khadi la chakudya, basi.

Pobwerera Sibongile sanandiyang'ane. Wangoti, "A Sajeni, zija munalemba dzulo zija." Ndamukalipira kuti asamale pakamwa. Ndamukalipira mpaka pamphambano.

Lachinayi, 16 Juni

Kwa a Bwana m'mawa. Ndafotokoza za mtsiro, za chidendene, za mikanda. Ndapempha galimoto ndi chilolezo chokafukula chipindacho. Aseka mpaka kutsokomola. Aitana Richard kuti adzaseke nawo. "Tikauze woweruza kuti tamanga munthu chifukwa sadziwa kuzira?" Richard akuti tikayezenso ngati ndiwo zinakolera mchere.

Apolisi asanu ndi mmodzi analowa m'nyumba imeneyo Lolemba. Ataimirira, nsapato kuphazi, maso kudenga. Anthu osakhalapo pansi chibadwire, za pansi angazione bwanji?

Pakhonde la a Bwana pali thumba la mbatatesi lomwe dzana panalibe. A Cyprian ndi a komiti, chipani chakale anali momwemo, chatsopano alowamo kale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Pansi pa bulugamu wa panja pa ofesi pali mzimayi ndi ana awiri, wina kumsana. Ida, mkazi wa Zuze. Msasa wawo ndi umodzi mwa yotenthedwa ija. Banja lonse lili pamndandanda wa lole yobwerera kwawo ya pa 27, akaiphonya khadi lawo latha ntchito. Wandigwadira ine. "Mayi, inu ndinu mzimayi mnzanga." Ndadutsa ngati ndachedwa kwina.

Mlandu wakupha chilango chake ndi chingwe, palibe china. Masamba awiri a dzanja langa ndi okwanira kumupachika.

Loweruka, 18 Juni

Tsiku lopuma, ndiye palibe wotifunsa. Msika wa Kandeu. Sibongile anafufuza kuti mmodzi wa osambitsa maliro aja, a NaJere, amagulitsa nyemba kumeneko.

Akana kutiuza kanthu. Zoona posambitsa sizituluka m'nyumba. Mwambowo ndimaudziwa, mayi anga nawonso amasambitsa. Takhala nawo pachiguduli mpaka dzuwa kupendeka, kuwasankhira nyemba, osatchula za polisi. Ine ndinatopa, ndimafuna ndiwaopseze ndi selo. Sibongile wandiponda phazi. Mtsikana ameneyu ulemu ukuchepa, koma amakhoza.

Pomanga katundu ndiye anena, osatiyang'ana: "Chingwe cha mikanda chinachita kuduka, chinasiya mzere m'chiuno. Zipsera za kumsana n'zakale, zina za zaka. Waganyuyo wabwera chaka chathachi." Anatinso Lufina anauza anzake a kumpingo kuti akangokumba mbatatesi akubwerera kwa mayi ake ku Champiti, ndi ana omwe.

Mudzi wonse unkamva mkaziyo akulira zaka zonsezi. Mudzi womwewo ndi umene wapeza machesi otenthera misasa.

Kusesa maliro kunachedwa podikira amalume ochokera ku Halale. Kuchitika Lachiwiri. Azimayi adzasesa ndi kuzira nyumba yonse. Pofika Lachitatu chidendene chija kulibe.

Lolemba, 20 Juni

Mfuti zalira masanasana cha kumsewu waukulu, lole ya fodya ailanda. Msika wabalalika, tomato pamsewu ponse. Ena akuti asilikali a tsidya omwe sanabweze zida, ena akuti ndi athu omwe. Palibe akudziwa, koma aliyense akudziwa woti amuloze chala. Gulu lafika pageti kufuna kuti tiwapatse Zuze athane naye okha. Ida wathawira m'chimbudzi cha ofesi ndi ana ake, Sibongile n'kuima pachitseko.

Ndapemphanso galimoto. Akuti mafuta palibe.

Sibongile amalowa kuselo kukasiya phala. Akuti dzanja la Zuze latupa mpaka m'chigongono. Akuti safunsa za mlandu, amangofunsa ngati mbatatesi zija pali akuzithirira. Ndamuuza kuti sindinamutume kundiuza zimenezo.

Ine kuseloko sindinapiteko.

Lachiwiri, 21 Juni

Ndanama kuti mwana wadwala. Sibongile kuti dzino. Zitenje, mipango kumutu. M'chikwama supuni yakale, mpeni, envelopu ziwiri.

Tafika azimayi akukanda mtsiro. Amuna patsinde pa mtengo ndi mowa wawo, sanatizindikire n'komwe. Mzimayi wosenza ndowa ndani amamuyang'ana kumaso? Ndapempha kuti kuchipinda tizire ife. Edna wakana, akuti azira yekha. Mayi a malemu ndiwo adula: "Asiyeni, anakhala nane tsiku lija." Ndawapempha akhale pakhomo pa chipindacho, iwo, a NaJere, ndi amayi awiri a kumpingo. Mboni zinayi.

Chidendene tayamba nacho, tachidula ndi mpeni chibenthu chonse. Kenako supuni, pang'onopang'ono. Mtsiro ukungosendeka, sunagwirane ndi wa pansi poti wozirayo sanawaze madzi kaye. Ngakhale zimenezo sanadziwe. Pansi pake dothi lakuda bii, fungo lake ndimalidziwa. Kenako kamkanda kofiira. Koyera. Kofiira kena. Sibongile amatola n'kumaika pachikhatho cha mayiwo. Atafika pa wachikasu waukulu, mayiwo anati, "Uwu ndinamuveka ndine, atatha msinkhu," n'kugwa.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Nyumba yonse azimayi kukuwa nthawi imodzi. Edna wakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kulankhula osafunsidwa. Achimwene ake anamugogodera Lolemba lija m'mamawa kudzapempha mtsiro, ati alamu ako akuufuna. Anadabwa, mwamuna kupempha mtsiro? Anapereka. Atamva za kudimba anadziwa, anakhala chete. "Ndikanatani, ndi mlongo wanga."

Titatuluka, mpando wa a Cyprian uli wokha, chipewa chili pansi.

Sibongile walemba mawu a mboni zinayizo ndi a Edna. Mikanda tawapempha mayiwo, alola titalonjeza kuti idzabwerera. Ine wandigwira mkwiyo, osati mantha. Ndikukwiyira ndani sindikudziwa. Onse.

Lachinayi, 23 Juni

A Cyprian anagwidwa dzulo pa Manjawira akudikira basi ya ku Blantyre. Wowagwira Richard, pagalimoto ija imasowa mafuta tikaipempha ife. Payipi sinatuluke, chitseko sichinagwire ntchito. Anawapatsa mpando ndi tiyi. Ataona mikanda anavomera okha: mkangano wa zopita ku Champiti, chibonga, mtembo pawilibala mpaka kudimba, khasu analipeza pomwepo.

Lipoti lopita kulikulu likuti Richard watulukira zonsezi atafufuza mozama. Dzina la Sibongile mulibe. Langa lili malo amodzi m'fayilo yonse, pansi pa mawu a Zuze.

Ndimati Zuze atuluka lero. Ayi. A Bwana akuti avomera ndi awiri, ndiye kuti anathandizana, onse akaonekere kukhoti. Pokhapokha wolemba mawu a Zuze atalemba kuti anali abodza, otuluka ndi payipi. Anena akumwetulira. "Dzanja ndi lanu, Sajeni Pauline. Richard sanalembe kanthu."

Ndiye zili choncho. Womenya alibe dzina papepala. Anadziwa chomwe amandiitanira.

Sibongile akuti ndilembe lero lomwe, lole ndi Lolemba. Kunena n'kosavuta ukakhala ulibe mwana.

Lachisanu, 24 Juni

Sindinalembe.

Nyumba ino ndi ya boma. Mwana wanga Tisunge ali Fomu 2. Bambo awo anapita ku Joni, chaka chachisanu ndi chimodzi chino, kalata imodzi. Akandichotsa ndilowera kuti ndi ana atatu? Kwa mayi, kukawauza pansi pa jekete lija kuti ntchito ndaitaya chifukwa cha munthu wa tsidya?

Bwanji ine? Payipi sindinagwire ine. Misasa sindinatenthe ine. Lufina sindinaphe ine. Mikanda ndafukula ndine, ndi supuni ya m'nyumba mwanga!

Ida akadali pabulugamu paja. Ndalowera khomo la kuseri.

Lamulungu, 26 Juni

Kutchalitchi. Ulaliki sindinaumve. Sibongile wakhala benchi lina. Potuluka wandipatsa moni wa "a Sajeni" ngati tili paperete.

Pepala lili patebulo kuyambira Lachisanu. Palembedwa deti lokha.

Lolemba, 27 Juni

Lole yanyamuka m'mawa pabwalo la kuseri kwa msika. Ida wadikira mpaka dalaivala ataliza hutala kachitatu. Mwana wamkulu akutsokomola, bulangete linapsa, pogona palibe, akanatani? Wandipeza pampopi. Ulendo uno sanagwade. "Muwauze tili ku Domwe, kwa azakhali awo. Muwauze mwana wayamba kuyenda."

Ndalemba masana. Tsamba limodzi ndi theka: payipi, chitseko, nthawi yake, amene analipo, ndi kuti ine ndinamva munthu akukana ola lathunthu koma kukanako sindinakulembe. Makope atatu. Sibongile wawonjezera zake, kuti anamva kukuwa ali kotsuka makapu. Kope limodzi wapita nalo yekha kupositi, kuopa lingasochere m'dirowa la a Bwana.

Mphindi makumi awiri basi. Lachinayi zinalipo mphindi makumi awiri zomwezo.

Lachinayi, 30 Juni

Yankho labwera kale, zoterezi zokha ndiye sizichedwa. Mu ofesi yofufuza ndachotsedwa. Kuyambira Lolemba ndi yunifolomu, parodibuloko, kupisa m'mitolo ya azimayi a tsidya. Sibongile amutumiza kukaundula wa katundu wotayika. Richard walandira chenjezo la pakamwa. La pakamwa!

Zuze wamasulidwa masana. Wopepesa palibe. Angomutsegulira n'kumuponyera khadi lake lotha ntchito. Dzanja lamanja lili m'chisanza, zala zitatu zaloza kwina, zikununkha. Limenelo khasu silidzagwiranso.

Ndamutsatira mpaka kumsewu. Ndamuuza za Domwe, za azakhali, za mwana. Wamva, wagwedeza mutu. Lole ina kulibe mpaka Ogasiti, akuti ayenda wapansi, masiku awiri, mwina atatu, njira zina akuti zidakali ndi mabomba okwirira. Ndinali nditagula buledi. Ndamuuza kuti ine ndi mnzanga ndife tinapeza mikanda ija, kuti ndine ndalemba kalata yomutulutsa. Sindikudziwa ndimafuna anene chiyani. Zikomo, kapena.

Wandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba chimugwirireni. Wopanda ukali. Bola akanatukwana, ndikanadziwa pomuyankha. Wangoti, "Ndakukumbukani, mayi. Ndinu munkalemba."

Buledi sanalandire. Waoloka msewu osatembenuka, dzanja atalikweza pachifuwa.

Bulediyo ali patebulo pano. Ana akumuyang'ana, ndawaletsa kumugwira.